Kukula kwa kangaude si umboni woti ndi woopsa

Ndakwiya zedi lero anthuni. Aneba anga aona kangaude wamkulu pampanda, uja wa miyendo yaitaliitali yamawanga akuda ndi achikasu amene ukonde wake umanyezimira ngati golide dzuwa likawomba, basi osayamba afunsa, atenga chipepala ayatsa moto nkumuwotcha pompo, ati wamkulu chonchi akaluma mwana ndi maliro. Anakuuzani ndani zimenezo? Kangaude ameneyo ntchito yake ndi kukhala pakati pa ukonde mutu uli pansi kudikira ntchentche ndi ziwala, salondola munthu, ndipo ngakhale mutamufinya nakulumani zimangowawa pang'ono ndi kufiira basi. Mwamupha chifukwa ndi wamkulu. Palibenso mlandu wina.

Yambani mwamuyang'ana kaye kangaude musanathamangire tsache kapena mankhwala opopera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Padziko pano pali mitundu ya akangaude yoposa 50,000 yomwe inalembedwa, pafupifupi onse ali ndi ululu inde, koma ululuwo ndi wophera tizilombo tomwe amadya, oti angadwalitse munthu kwambiri ndi ochepa zedi. Ndiye chomwe chimandinyansa nchakuti ambiri mwa oyenera kuwaopawo ndi ang'onoang'ono! Kangaude wotchedwa black widow thupi lake ndi kakang'ono, kamimba kobulungira kakuda kosalala kokhala ndi banga lofiira, amabisala pansi pa mipando, m'matayala akale, m'milu ya njerwa ndi nkhuni, ukonde wake wosokonekera wopanda dongosolo. Mnzake wabulawuni ali ndi banga la olenji kunsi kwa mimba ndipo timatumba ta mazira ake timakhala ndi timinga timinga. Ameneyo ndiye mumamusiya nkumapisa dzanja mu nsapato osakutumula, koma wamkulu wosalakwa yemwe ali poonekera ndi amene mukumuyatsira moto. Zoona?

Kumudziwa kangaude sikufuna digiri. Onani kumene ali ndi zomwe akuchita. Ngati ali pa ukonde waukulu wozungulira wolukidwa bwino pakati pa mitengo kapena maluwa, ndi wa gulu la oluka maukonde, ena mpaka amaika mzere woyera wokhotakhota pakati pa ukondewo, musiyeni agwire ntchito yake. Ngati ndi wophwathalala, miyendo yotambasukira m'mbali, waima pakhoma usiku opanda ukonde, ndi huntsman, amathamanga moopsa inde koma akuthawa inuyo, ndipo chakudya chake ndi mphemvu zomwe mumadandaula nazo tsiku ndi tsiku. Ngati akuyenda pansi mu udzu, wabulawuni, mukawalitsa tochi maso ake nkunyezimira, ndi wolf spider, wamkazi amakoka kathumba ka mazira kumbuyo kwake ndipo ana akaswa amawabereka pamsana onse, mukamumenya ndi patapata tianato timabalalika paliponse ndiye mumayamba kukuwa kuti ufiti. Wacheya wonenepa wokhala mu una wokutidwa ndi ulusi wake ndi wa gulu la tarantula, mukamuputa amaimika miyendo yakutsogolo kukuchenjezani, akaluma zimawawa, ndiye mumuputiranji?

Sindikunena kuti wamkulu aliyense ndi wofatsa ayi. Ku Australia kuli funnel-web, ku Brazil kuli wandering spider, amenewo ndi akulu ndithu komanso ndi oopsa. Ndiye nchifukwa chake ndikuti dziwani akangaude a kumene mukukhala, osati kuweruza ndi kukula. Kukula si chizindikiro. Miyendo yaitali si chizindikiro. Cheya si chizindikiro. Mantha ambiri tinatengera kwa makolo ndi m'mafilimu, ndiye ana akuona inu mukuwotcha nawonso adzawotcha.

Akatswiri anawerengera mu 2017 kuti akangaude onse padziko amadya matani pakati pa 400 ndi 800 miliyoni a tizilombo pachaka. Inu mukupha amene akukugwirirani ntchito ulele pabwalo panu, mawa muzidzati ntchentche zachuluka, ndiwo zakudimba zadyedwa ndi tizilombo. Ngati walowa m'nyumba ndipo simukumufuna muvindikireni ndi kapu, lowetsani pepala lolimba pansi, kamutayeni panja, nkhani yatha. Munthu akalumidwa ndipo ululu ukufalikira, thukuta, minofu kukokana kapena bala likukula, pitani naye kuchipatala msanga.

Komanso inu amene mumajambula chithunzi chosaoneka bwino muli kutali, kangaude atanyenyeka kale ndi nsapato, nkumafunsa pa intaneti kuti uyu ndi mtundu wanji, tikuthandizani bwanji? Jambulani ali moyo, pamsana ndi kunsi ngati kungatheke, ukonde uoneke, nenani dziko lomwe muli. Ndipo enanu amene mumangoyankha kuti iphani ndi wapoizoni musanawerenge ndi miyendo yomwe, mumanditopetsa, ngati simukudziwa khalani chete.