Makutu a galu saima chifukwa cha mpeni, amaima chifukwa cha tepi

Anthu ambiri ogula tiagalu ta Doberman, Great Dane kapena Boxer todula makutu amaganiza kuti dokotala wa ziweto akadula, basi ntchito yatha. Ayi ndithu. Kudulako kumachitika kagalu kali ndi masabata 7 mpaka 12, chicherewechere cha khutu chikadali chofewa. Chimene chimaimitsa khutu ndi kulichirikiza ndi tepi kwa miyezi yambiri mpaka chicherewecherecho chitauma chili chilili.

Musafulumire. Ulusi wosokera bala amauchotsa pakapita masiku 10 mpaka 14, ndipo tepi isakhudze m'mphepete mwa khutu bala lisanapole. Mukamata pa nkhanambo yaiwisi, mukhoza kupeza mafinya ndi fungo.

Bala likapola, pukutani khutu liume. Dulani kandodo ka siponji kofewa, kotalika pang'ono kuposa khutu, mukakulunge ndi tepi yansalu mbali yomata ili kunja. Kalowetseni mpaka patsinde pa khutu, osati m'kati mwa bowo lomvera. Kokani khutu m'mwamba liwongoke bwino, mulimatize ku kandodoko, kenaka muzungulize tepi patsinde, pakati ndi chakunsonga. Patsindepo tsatirani mmene khutu limapindikira lokha. Pomaliza mangani kamlatho ka tepi pakati pa makutu awiriwo kuti aime ngati mivi ya wotchi pa 11 ndi pa 1.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kandodo kakapanda kufika patsinde, kapena kamlatho kakafupika, khutu limapanga kathumba m'munsi n'kugwera pamwamba pa mutu, ndipo kuwongola zimenezi n'kovuta kuposa kuimitsa khutu lakugwa kunja. Choopsa kwambiri ndi kumanga molimba. Magazi amasiya kuyenda, nsonga imazizira, imatupa, mwinanso kufa kumene. Tepi ingogona pakhungu, osaikoka. Tepi yamagetsi ija isayandikire n'komwe, siipitsa mpweya.

Sinthani masiku 5 mpaka 7 aliwonse, kapena nthawi yomweyo ikanyowa, ikanunkha, kaya kagalu kakamangokanda ndi kupukusa mutu. Makutu apume maola ochepa okha. Mukaona nsonga ikuwerama, matani pompo.

Pa miyezi 4 mpaka 6 kagalu kamagweruka mano, ndipo makutu amene anali ataima amatha kufookanso. Pitirizani. Makutu ena amene anawadula n'kuwasiya aatali amafika chaka akumatidwabe. Za kuthira ufa wa kashiamu m'chakudya kuti makutu alimbe, iwalani: khutu si fupa, ndipo kashiamu wochuluka amapotoza mafupa a tiagalu ta mtundu waukulu.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ngati kagalu mwakapeza kodula kale, kasamalireni motere mogwirizana ndi dokotala wa ziweto. Koma ngati simunadule, musadule. Kudula sikumuthandiza galu kumva bwino, sikumuwonjezera ukali, n'kongofuna maonekedwe. Ku England ndi ku Wales lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limaletsa, ndipo ngakhale ku America kumene kuli kololedwa m'madera ambiri, bungwe la madokotala a ziweto la AVMA limatsutsa. Za aja odula ndi lezala kuseri kwa nyumba, popanda mankhwala ogonetsa, khutu lotero nthawi zambiri limatsala lopotoka, ndipo palibe tepi imene ingalikonze.