Pa Sapitwa sapita tsiku limodzi

Nkhani yanu ya phiri la Mulanje ndaikonda, koma apo mwati munthu angakwere Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, n'kubwerera tsiku lomwelo, pepani, mupweteketsa anthu. Mamita 3,002 si masewera. Ife tinanyamukira ku Likhubula kudzera njira ya Chapaluka, ija yodutsa pa Dziwe la Nkhalamba, tinagona m'nyumba ya alendo ya m'phirimo ku Chambe, mawa lake m'nyumba ina ku Chisepo, pansonga n'kufika tsiku lachitatu. Chigawo chomalizacho ndi miyala yokhayokha. Pena umakwawa ngati buluzi, pena kulowa kunsi kwa thanthwe uku ukukoka chikwama.

Chimene simunatchule ndi chiperoni. Kumacha bwinobwino, mwadzidzidzi nkhungu yakuta, mnzako ali pomwepa koma osamuona. Anthu anasowapo kumeneko. Musayerekeze kupita popanda wolondolera njira wa komweko, ndipo pa malipiro musanenerere kwambiri, anyamata amenewa akudyetsa mabanja.

Chinandiwawa ine ndi zitsa za mkungudza. Pokwera tinakumana ndi azibambo atasenza matabwa pamutu, opanda nsapato, akutsika mothamanga kuposa ife a nsapato zodula. Mukapita mu June tengani juzi yokhuthala, usiku kumazizira koopsa.