Musanasankhe koleji ya zisudzo, werengani maola amene mudzakhale mutaimirira

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'nyumba zina mumabuka mkangano womwewomwewo: mwana akuti akufuna kukaphunzira zisudzo, makolo akuti zamasewera sizidyetsa munthu. Amakokanakokana masabata, koma funso lenileni palibe amalifunsa: akaphunzira kuti, ndipo kumeneko azikachita chiyani kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu? Maganizo anga ndi akuti koleji ya zisudzo musaiyese ndi dzina lake kapena kukongola kwa chikwangwani chapageti. Iyeseni ndi maola amene wophunzira amakhala ataimirira, nsapato atavula, thukuta lili kamukamu, akuchita sewero pamaso pa mphunzitsi amene akumukonza.

Pali maphunziro amitundu iwiri amene anthu amawasokoneza chifukwa onse amatchedwa drama. Mtundu woyamba ndi digiri ya ku yunivesite. Kumeneko mumawerenga mbiri ya zisudzo, mumasanthula masewero olembedwa, mumalemba ma essay, mumachita kafukufuku, ndipo kusewera kwenikweni kumakhala gawo limodzi mwa zambiri. Mtundu wachiwiri ndi sukulu yosula wosewera, kumene tsiku limayamba ndi thupi ndi mawu, masana n'kuyeserera, madzulo n'kuloweza malaini, ndipo mabuku amabwera pambuyo. Palibe woipa pa iwiriyi. Choipa ndi kulowa mtundu woyamba ukuyembekezera wachiwiri, n'kudzazindikira uli chaka chachitatu kuti wangoponda pa siteji kawiri.

Kwathu kuno, kwawo kwa maphunziro a zisudzo ndi ku Zomba, ku University of Malawi, imene ambiri timaitchabe Chanco ngakhale kuti dzina la Chancellor College linatha mu 2021 pamene makoleji anagawanika. Mphamvu ya malowa ili ndi mbiri yake. Gulu la Travelling Theatre linkanyamula masewero kuchokera pakoleji kupita m'masukulu ndi m'maboma, ndipo m'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anapita ndi ophunzira kumidzi, ku Mbalachanda m'boma la Mzimba ndi m'midzi yozungulira Liwonde, kukapanga masewero pamodzi ndi eni mudzi pa nkhani za umoyo ndi chitukuko. Umu ndi mmene zisudzo za chitukuko, zija timazitchula kuti TfD, zinamerera mizu m'Malawi. Choncho amene akufuna kugwira ntchito ndi anthu kumudzi, kuphunzitsa, kulemba kapena kutsogolera masewero, Zomba ndi malo oyenera kuwaganizira poyamba. Amene maloto ake ndi kusewera basi adziwiretu kuti digiri ya zaka zinayi imabwera ndi maphunziro ena ambiri, ndipo adzayenera kudzipezera yekha maola owonjezera m'magulu a zisudzo.

Dziwaninso kalowedwe kake. M'mayunivesite a boma mumalowa kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndipo chofunika choyamba ndi makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Kusankhako kumayang'ana magiredi. Mwana atha kukhala kuti ankagwedeza holo pa mipikisano ya zisudzo za m'sukulu ya ATEM kapena NASFEST, koma Chingerezi akapeza pass wamba, khomo limenelo latsekeka. Aphunzitsi amene mumatsogolera ma drama club, chonde auzeni ana zimenezi akadali Fomu 3, osati zotsatira zitatuluka kale.

Tsono mafunso oti mufunse, kaya ndi yunivesite ya boma, koleji yoima payokha kapena sukulu ya kunja. Pemphani timetable yeniyeni ya semesita yatha, osati kabuku kotsatsa malonda. Tengani pensulo muwerenge: pa sabata, ndi maola angati a m'kalasi yokhala pampando, ndi angati a pansi? Mukapeza kuti kuchita kwenikweni ndi maola awiri okha pa sabata, funsani kuti m'kalasimo mumakhala anthu angati. Masamu ake ndi osavuta. Maola awiri ndi mphindi 120. Ophunzira akakhala 60, aliyense ali ndi mphindi ziwiri, tisanachotse nthawi yoitana mayina ndi yosuntha mipando. Akakhala 15, aliyense ali ndi mphindi zisanu ndi zitatu, zokwanira kuchita kagawo, kukonzedwa, n'kubwerezanso. Kubwerezako ndiye phunziro lenileni. Wosewera amakula pamene wauzidwa kuti "apo wathamanga, puma kaye, yambiranso," n'kuyambiranso nthawi yomweyo thupi lisanaiwale. Akangouzidwa cholakwa n'kukhala pansi kudikira sabata yamawa, cholakwacho chimakhazikika.

Funsani amene amaphunzitsa mawu. Osati kuimba, koma kulankhula. Ili ndi gawo limene limanyalanyazidwa kwambiri, ndipo zotsatira zake timazimva: sewero likafika pakati, wosewera mawu asasa, akukuwa ndi pakhosi, mitsempha ya m'khosi itatupa, koma anthu a kumbuyo sakumvabe. Chimachititsa ndi kupumira pachifuwa. Mpweya ukakhala wochepa, munthu amafinya pakhosi kuti mawu akwere, ndipo pakatha masiku atatu a masewero otsatizana mawu amatheratu. Mphunzitsi wodziwa amayamba ndi kukugonekani chagada pansi, dzanja pamimba, kuti muone mimba ndi nthiti zam'munsi zikufufuma mukamakoka mpweya. Kenako kung'ung'udza chapansipansi mpaka milomo imve kunjenjemera, kumasula nsagwada ndi lilime, ndiye n'kufika pa mawu. Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, musanayambe kuyeserera. Kwathu kuno izi n'zofunika koposa chifukwa masewero ambiri amachitikira panja, pabwalo la sukulu kapena pamsika, popanda maikolofoni, mphepo ikuwomba, kabaza akudutsa. Koleji ikalephera kukutchulirani munthu amene amaphunzitsa zimenezi, dziwani kuti palibe.

Onaninso chipinda choyesererapo ndi maso anu. Pansi pake ndi potani? Simenti yokhayokha imapweteka mawondo ndi msana mukamadumpha ndi kugwa tsiku ndi tsiku; pansi pa matabwa kapena pamene ayala mphasa zochindikala ndi pabwinoko. Kodi chipindacho ndi cha zisudzo zokha, kapena mumalimbirana ndi misonkhano, mapemphero ndi mayeso? Magetsi a siteji alipo angati amene akuyaka, ndipo ophunzira amaloledwa kuwagwira? Magetsi akazima amatani? Wophunzira amene wamaliza osagwirapo nyali, osasokapo chovala, osakhalapo kuseri kuitana anzake kuti alowe pa nthawi yake, wamanidwa theka la ntchito, pakuti m'magulu athu munthu mmodzi amachita zonsezi.

Koma njira yoposa zonse yodziwira sukulu ndi kukaonera sewero la ophunzira a chaka chomaliza. Khalani mzere wakumbuyo kwenikweni. Musayang'ane yekhayo amene ali ndi mbali yaikulu, chifukwa waluso lobadwa nalo amapezeka paliponse ndipo sukulu singadzitame naye. Yang'anani uja ali ndi malaini atatu, waimirira pambali atanyamula mkondo kapena mtsuko. Kodi akumvetsera zimene zikuchitika, kapena maso ali kwa anzake m'gulu la oonera? Manja ake akudziwa pokhala? Akalankhula mukumumva? Ngati ngakhale iyeyo ali m'sewero ndi mtima wonse, pamenepo pali mphunzitsi. Sewero likatha, pezani awiri kapena atatu muwafunse kuti achita masewero angati chilowereni, ndiponso kuti amene anamaliza zaka ziwiri zapitazo ali kuti lero.

Za mapepala ndinena mwachidule. Tsimikizani ku NCHE kuti kolejiyo ndi yolembetsedwa komanso kuti pulogalamu imene mukufunayo payokha ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu itha kukhala yovomerezeka pamene maphunziro ena m'katimo sanavomerezedwe. Zimenezi zimakhudza ngongole ya HESLGB (bungwe lobwereketsa ndalama za maphunziro a ku yunivesite), kulembedwa ntchito m'boma, ndi kupitiriza maphunziro mtsogolo. "Tili mkati mokonza" si yankho loti mulipirirepo fizi.

Chinanso choti muganize msanga ndi mtundu wa ntchito imene mukufuna, chifukwa luso la siteji, la wailesi ndi la kamera si limodzi. A Malawi ambiri zisudzo anazidziwira pa wailesi, pa Sewero la Sabata Ino ndi Pamajiga za MBC, kenako Zimachitika ya Story Workshop ndi Tikuferanji. Pa wailesi thupi silioneka, zonse zili m'mawu: kutalikira maikolofoni pafupifupi chikhatho chimodzi, kutembenuza pepala mosachita phokoso, kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti womvera aganize kuti uli panja pa nyumba. Pa kamera vuto limatembenuka. Wozolowera siteji amatukula nsidze, kutambasula manja ndi kukweza mawu ngati akulankhula ndi mzere wa 20, pamene kamera ili pamphuno pake. Amayeneranso kuima pa chizindikiro chomwecho ndi kunyamula kapu ndi dzanja lomwelo nthawi iliyonse akabwereza, apo ayi wolumikiza zithunzi amasowa pogwira. Ndiye funsani ngati pali situdiyo, kamera zingati, ndiponso ngati mudzatuluka ndi zojambulidwa zanu zoti mukaonetse pofuna ntchito.

TfD nayo ndi luso lapadera, ndipo mabungwe monga CRECCOM ku Zomba ndi Theatre for a Change ku Lilongwe amagwira nayo ntchito. Si kungofika pamudzi ndi sewero lokonzeratu lonena kuti "gonani m'masikito." Mumayamba ndi kukaonekera kwa amfumu, kukhala masiku mukucheza ndi anthu pachitsime ndi padimba, kumanga sewero pa zimene mwamva, kugwiritsa ntchito nyimbo ndi magule a komweko, ndiye pochita n'kuliimitsa pakati kufunsa anthu kuti "apa mayiwa atani?" Zimasokonekera pamene wotsogolera ali kale ndi yankho m'thumba: anthu amazindikira msanga, amangovomera kuti zithe, ndipo palibe chisintha. Sukulu yophunzitsa TfD m'kalasi mokha, osagonako kumudzi, ikukunamizani.

Ndipo funsani chilankhulo. Ngati masewero onse a pasukulupo ndi a Chingerezi, mudzatuluka osadziwa kuseketsa kapena kuliza anthu m'chilankhulo chimene oonera ambiri amamva. Kwathu Drama Group inkadzaza maholo ndi Chichewa, ndipo amene anaonera Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, akudziwa kuti kudziwa pomwe uyenera kukhala chete kuti anthu amalize kuseka ndi luso lofuna kuphunzira. Wophunzira wabwino afunika zonse ziwiri, ndi Chitumbuka kapena Chiyao ngati ali nacho.

Za kunja. Du Chisiza Jnr anakaphunzira ku Philadelphia asanabwere kudzayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, kotero njirayi si yachilendo. Pafupi ndi ku South Africa: yunivesite ya Wits ku Johannesburg, imene ilinso ndi Drama for Life ya amene ali kale ndi digiri ndipo akufuna kuzama pa zisudzo zothandiza anthu, University of Cape Town, Rhodes ku Makhanda, ndi Market Theatre Laboratory ku Newtown, imene anayambitsa Barney Simon ndi John Kani, ya zaka ziwiri ndipo yodzaza ndi kuchita. M'mayunivesite a boma kumeneko wochokera m'dziko la SADC amalipira fizi ngati ya eni dziko, kuwonjezapo ndalama ina ya alendo. Koma MSCE payokha kawirikawiri sikwanira kulowera digiri, pamafunika exemption, chikalata chokuvomerezani kulowa digiri, yochokera ku bungwe la Universities South Africa, ndipo visa ya sukulu imafuna medical aid ya komweko. Werengerani nyumba, chakudya ndi thiransipoti za zaka zonse, osati chaka choyamba chokha. Kusiyira pakati chifukwa cha ndalama kumapweteka kuposa kusapita.

Sukulu zotere, kuphatikizapo RADA ndi LAMDA ku London, zimasankha ndi audition, kutanthauza kusewera pamaso pa osankha kuti aone luso lanu, ndipo zambiri gawo loyamba zimalandira vidiyo. Kawirikawiri amafuna zolankhula za munthu mmodzi ziwiri zosiyana, china chakale monga cha Shakespeare, china chamakono, chilichonse pafupifupi mphindi ziwiri. Werengani malamulo a sukulu iliyonse, ndipo musapitirire nthawi. Sankhani munthu wa msinkhu wanu; mnyamata wa zaka 19 wodzipaka ufa kumutu kuti akhale gogo wadzitchinga yekha. Werengani sewero lonse, osati kagawo kokha, chifukwa adzakufunsani kuti mukulankhula ndi ndani ndipo mukufuna chiyani kwa iye. Musatengere kalankhulidwe ka ku America; lankhulani Chingerezi chanu momveka, kumaliza mawu aliwonse.

Pojambula, foni igone chopingasa, ikhazikike pa mulingo wa maso anu, osati m'manja mwa mng'ono wanu. Windo likhale kutsogolo kwanu. Likakhala kumbuyo nkhope imada. Khoma likhale lopanda makalendala. Yang'anani pambali pang'ono pa foni, pamene mwaika munthu amene mukumulankhulayo m'maganizo. Sankhani nthawi imene chigayo chili chete ndipo mvula sikugunda malata, mujambule katatu kapena kanayi, mumvetsere ndi ma earphone musanatumize. Akakuitanani gawo lachiwiri n'kukuuzani kuti chitaninso ngati mukunong'oneza mwana wodwala, sinthanidi, ngakhale zikuoneka zosagwirizana ndi mawuwo. Chimene akuyesa pamenepo ndi ngati mumamva malangizo, ndipo ambiri amagwa chifukwa chobwereza ndendende zimene analoweza kunyumba.