Munthu anaphedwa, inu mukuti inali nkhani ya chibwenzi?

Loweruka usiku ndinali pamalo ena mu Edinburgh pomwe amaimba nyimbo zamakolo za ku Scotland. Woimba wina, asanayambe The Bonnie Earl o' Moray, anatiuza moseka kuti nyimboyi ndi ya mnyamata wooneka bwino amene ankazemberana ndi mkazi wa mfumu, mfumu itadziwa n'kumukonza. Anthu kuseka chikhakhali, ena kuwomba m'manja. Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sunaphwe.

Abale anga, munthu uja anaphedwa. Dzina lake linali James Stewart, Earl (udindo wa wolemekezeka wolamulira dera) wa ku Moray, ndiye amangomutchula kuti Moray, ndipo anaphedwa pa 7 February 1592 ku Donibristle, ku Fife, kutsidya kwa Firth of Forth, chigawo cha nyanja chomwe chili kumpoto kwa Edinburgh, komwe lero kuli tauni ya Dalgety Bay. George Gordon, Earl wa ku Huntly, anafika ndi gulu lake la ankhondo, anazinga nyumba, anaiyatsa moto anthu ali m'kati. Moray anathawira kumiyala ya m'mbali mwa nyanja, anamupeza komweko n'kumutematema. Nkhani ya nyimboyi ndi imeneyo. Chibwenzi mwachitenga kuti choti museke nacho?

Ndikudziwa pomwe chachokera. Mu nyimbomo muli kamzere kamodzi konena kuti mfumukazi inkamukonda. Kamodzi kokha! Ndiye anthu agwira kamzere kameneko n'kutaya zina zonse. Mfumukaziyo inali Anne wa ku Denmark, mtsikana wa zaka 17, amene anakwatiwa ndi James VI, mfumu ya Scotland, mu 1589, mlendo m'dziko la eni. Palibe kalata kapena umboni uliwonse woti anali pachibwenzi ndi Moray. Koma amuna akaphana, tifufuze mkazi woti timukolowekere mlandu. Patha zaka zoposa 400 ndipo tikadali pomwepo.

Chomwe ankalimbirana n'chodziwika: malo ndi mphamvu kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, chidani cha mabanja awiri, wina Mkatolika wina Mpulotesitanti, kuphatikizapo kumuganizira Moray kuti ankathandiza Bothwell, mdani wa mfumu. Sindikuti Moray anali mngelo ayi. Koma tamvani zomwe zinachitika atafa, chifukwa pamenepo ndi pomwe woimba uja anafunika kuima.

Huntly anali ndi chilolezo cha mfumu chosakira Bothwell ndi omuthandiza. Nyimbo yeniyeniyo imaika mfumu James ikudzudzula Huntly kuti ndinakutuma kukamutenga, osati kukamupha. Chabwino. Nanga chilango chake? Anamutsekera ku Blackness Castle masiku owerengeka, basi, n'kumutulutsa. Anthu a mu Edinburgh anakwiya, abusa analalikira mokalipa m'matchalitchi, koma munthuyo sanaimepo pabwalo kuyankha mlandu wakupha. Mu 1599 mfumu yomweyo inamukweza udindo kukhala Marquess. Mwamva? Wotentha nyumba, wakupha munthu, akukwezedwa. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Nyimboyi inabadwa chifukwa cha zimenezi, anthu wamba akuimba zomwe khoti linakana kumva. Imatchula Huntly ndi dzina lake lenileni, osazungulira. Ndi dandaulo, ndi kuloza chala wakupha. Inu mwaisandutsa miseche ya pa mowa.

Ndipo pali mayi. Za mayiyu woimba uja sananeneko ngakhale liwu limodzi. Margaret Campbell, mayi ake a Moray, anatenga mtembo wa mwana wawo n'kupita nawo ku Leith kuti mfumu iuone. Anakana kuuika m'manda, ndipo unakhala osaikidwa kwa zaka zingapo, banja likudikira chilungamo. Analemba ntchito katswiri wojambula kuti ajambule mtembowo momwe unalili: chifuwa chili pamtunda, mabala a zipolopolo akuoneka, nkhope yotemedwa, ndipo pafupi ndi pakamwa analembapo mawu opempha Mulungu kuti abwezere. Chithunzicho chilipo mpaka lero ku Darnaway Castle. Tangoganizani mayi akuuza wojambula kuti bala ili usalisiye, ilinso lionetse. Mayi wotero anali kuganiza za chibwenzi? Mkazi wa Moray, Elizabeth, anali atamwalira miyezi yochepa m'mbuyomo, mu 1591, choncho ana anatsala opanda mayi opanda bambo. Ndiye munthu uime pamenepo ndi gitala uziseketsa anthu?

Nthano sindidana nazo. Amati nsalu ya silika ya pachisoti chake inagwira moto pomwe ankatuluka m'nyumba, ndipo kuwala kwakeko ndiko kunamuulula mumdima pakati pa miyala. Amatinso Huntly atamucheka kumaso, Moray anamuuza kuti waononga nkhope yabwino kuposa yake. Kaya ananenadi, kaya anthu anamuikira mawu m'kamwa, nthano zimenezi zimaloza komweko, kwa wakupha. Zimamulira wophedwayo. Nthano ya chibwenzi ndi yokhayo imene imachotsa maso athu pa Huntly ndi mfumu n'kuwaika pa mtsikana. Ukangoti inali nsanje, anthu amagwedeza mutu n'kuti eya, waziyamba dala. Basi wakupha wayera, wophedwa ndiye wolakwa.

Makolo anati mlandu suwola. James VI anayesa kuukwirira ndi ukwati: mu 1607 mwana wa Moray anakwatira Anne Gordon, mwana wa Huntly yemwe uja anapha Moray. Akuluakulu anagwirana chanza, koma nyimbo sinatseke pakamwa. Inayenda m'milomo ya anthu mpaka Francis James Child, katswiri wa ku America wosonkhanitsa nyimbo zamakolo, anaiika pa nambala 181 mwa nyimbo 305 zomwe anasonkhanitsa m'zaka za m'ma 1800. Anthu osauka anaisunga zaka zonsezo kuti dzina la wakupha lisaiwalike, ndiye lero ife odziwa kuwerenga, okhala ndi intaneti m'thumba, ndife tikumuthandiza kuthawa.

Ndipo si oimba okha. Masamba a pa Facebook otsatsa maulendo a ku Scotland nawonso anditopetsa. Chilichonse kwa iwo ndi chikondi, nkhungu ndi mapiri. Amaika chithunzi cha Doune Castle, yomwe nyimboyi imaitchula pomwe mayi wina akudikira Moray amene sadzabweranso, koma pansi pake amangolemba za mafilimu omwe anajambulidwa pamenepo. Wina amakopera kwa mnzake, mnzakeyo anakoperanso kwa wina, bodza lomwelo ndi zilembo zolakwika zomwezo. Ukawakonza mu ndemanga, amakufufuta.