Ituluke ipite kuti?

Awa ndi maganizo anga chabe, musandigende.

Loweruka ndinaperekeza achimwene kukagula tiana ta nkhumba pa famu ina njira ya ku Ekwendeni. Dzina sinditchula. Ukaonera kunja, makola ake ndi apamwamba: njerwa zowotcha, malata atsopano. Titalowa mkati, mtima wanga unasweka. Chinkhumba chachikazi chabere cha mtundu wa Large White achitsekera m'kachipinda ka zitsulo, kothina moti sichingatembenuke. Kuima, kugona, basi. Paphewa pali chilonda chifukwa chokhulika pa simenti, ndipo chikungoluma chitsulo cha kutsogolo mpaka thovu kukamwa. Ndinafunsa mnyamata wosamalira kuti kodi imatuluka liti. Anandiseka. "Bwana, ituluke ipite kuti?"

Bere la nkhumba limatenga masiku 114, kapena kuti miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Masiku onsewo yangoyang'ana khoma limodzi.

M'khola loyandikana nalo munali timisinkhu tothithikana ngati matumba mu lole, tonse todulidwa michira. Akuti amadula chifukwa zimalumana. Chabwino, nanga chimazilumanitsa n'chiyani? Nkhumba ndi nyama yofukula. Kumudzi imaswera tsiku lonse mphuno ili m'dothi. Pa simenti palibe chofukula, ndiye imayamba kutafuna mchira wa inzake. Ife m'malo moipatsa udzu timatenga lumo. Zomvetsa chisoni n'zakuti kuno ku Mzuzu utuchi si nkhani. Matabwa a ku Chikangawa timacheka ndi kupala tsiku ndi tsiku, utuchi n'kumangowotchedwa, mapesi nawo ali mbwee m'minda.

Kuzizira kwa June ndi July mukukudziwa, chifunga mpaka 9 koloko. Kamwana ka nkhumba kongobadwa kumene kamafuna kutentha kwa madigiri 30 kapena kuposerapo, koma timakasiya pa simenti yonyowa. Kakafa timati atilodza. Madzi nawo ena amangothira m'gaga kamodzi patsiku, chonsecho nkhumba yoyamwitsa imatha kumaliza chigubu cha malita 20 pa tsiku limodzi.

Ndikudziwa wina alemba kale kuti, "Ndiye mukufuna tizitayirire?" Ayi ndithu. Chigodola chilibe mankhwala, chikalowa chimasesa khola lonse, ndipo nkhumba yoyendayenda imadya zonyansa za anthu n'kutibweretsera njoka zam'mimba. Khola ndi lofunika. Chimene ndikukana ine ndi kukopera makola a zitsulo amene eni ake akuwasiya. Ku Britain analetsa timakola totsekera nkhumba zabere mu 1999. Maiko a European Union anatsatira mu 2013, kupatula masabata oyambirira a bere. Ifeyo ndiye tikuona ngati chitukuko. Lamulo loteteza nyama ku nkhanza, Protection of Animals Act, m'Malawi muno lilipo. Ndani mwa ife anaonapo munthu akufunsidwa za nkhumba?

Tsiku logulitsa nalo ndi lina. Nkhumba yomangidwa miyendo ndi chingwe cha mphira pakaliyala ya njinga, mutu ukulendewera, ikulira kuchokera ku Lusangazi mpaka m'tauni dzuwa lili pamutu. Nkhumba situluka thukuta ngati ife, n'chifukwa chake imakonda matope. Ikazunzika chonchi isanaphedwe, nyama yake imayezuka n'kumachucha madzi. Kenako tikakhala pachiwaya ku Chibavi timadandaula kuti kanyenya wa masiku ano sakukoma.

Inenso nyama ya nkhumba ndimadya, tsabola ndi mchere pambali, musandiyese m'busa. Achimwene tiana tija anagula tinayi. Pobwerera ndinawakakamiza kuti tiime pa kalipentala wina ku Luwinga, tinatenga matumba awiri a utuchi. Anang'ung'udza njira yonse kuti ndawadetsera galimoto. Dzulo anditumizira kavidiyo, tonse tinayi mphuno zili mu utuchi, michira ili pindepinde.