Tsidya la msewu si kwa alendo

Dzulo pa msika wa Lizulu ndinamva mnyamata wina akukalipira mayi wogulitsa kachewere kuti abwerere kwawo ku Mozambique. Zinandipweteka mtima. Mayiwo amayankhula monga ndimayankhulira ine, chiwongo chawo n'chimodzi ndi cha agogo anga, ndipo kwawoko ndi kungodumpha msewu wa M1 basi.

Azungu ali ndi ganizo lomwe amalitcha nation-state: anthu a mtundu umodzi, chiyankhulo chimodzi ndi mbiri imodzi akhale ndi boma lawolawo m'malire awoawo. Ndi mtima umenewu womwe unamanga Italy mu 1861 ndi Germany mu 1871. Kuno kwathu zinayenda chammbuyo. Malire ndiwo anayamba, dzina loti tonsefe ndife Amalawi n'kubwera pambuyo. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano, mzere wawo n'kudutsa pakati pa Angoni a Maseko. Phiri la Domwe, komwe makolo athu anakhazikika, linatsalira ku Angonia. Mfumu ya Angoniwo, Gomani Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, patangotha zaka 5 chilembereni mzerewo. Achewa nawo anagawidwa patatu, n'chifukwa chake mwezi wa Ogasiti amachoka ku Malawi ndi ku Mozambique kukakumana ndi a ku Zambia pa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi.

Musandimve molakwa abale anga, sindikuti malire afufutidwe. Atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti malire a atsamunda akhale momwemo poopa nkhondo, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Boma timalifuna. Mankhwala a m'chipatala, malipiro a aphunzitsi, chitupa cha unzika chomwe tinalembetsa mu 2017, zonsezi zimafuna kuti boma lidziwe anthu ake ndi pomwe udindo wake ukuthera.

Chomwe ndikukana n'kutenga dziko ngati la mtundu umodzi. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Ife a chigawo chapakati sitinamve ululu wake, koma funsani anzathu a ku Rumphi, mpaka pano amakumbukira. Mlomwe, Myao, Msena, Mtonga, Mnkhonde, onsewa ndi eni dziko mofanana ndi ine.

Ndipo ife a ku Ntcheu ndi Dedza tiyenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno. Ambiri m'dera lathu sanapite ku kampu, anafikira m'midzi kwa abale. Mayi anga anadula mbali ya munda wawo n'kupatsa banja lina la ku Ulongwe wa ku Mozambique. Linabwerera kwawo mtendere utasainidwa mu 1992, koma pa maliro a mayi ana a banja lija anabwera ndi matumba awiri a ufa, ndipo anagona nafe pa siwa mpaka tsiku loika.