Musasaine lendi ya munda wa khonsolo musanawerengere madzi

Abale athu ambiri kuno ku Joni akusaka malo olima ndiwo zamasamba, makamaka chakummwera, mbali ya Orange Farm ndi Eikenhof. Malo a khonsolo amayang'aniridwa ndi Johannesburg Property Company, ndipo maganizo anga ndi akuti kubwereketsa munda pongotchula mahekitala n'kumupusitsa mlimi. Nthaka ilipo, chosowa ndi madzi. Pepala la lendi lizitchula komwe madzi achokere ndi malita amene mlimi angatunge pa tsiku.

Tiyeni tiwerengere. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala ndi malita 10,000. Kukatentha, ngati mu Okutobala mvula isanakhazikike, sipinachi ndi kabichi zimamwa mamilimita pafupifupi 5 pa tsiku, ndiye kuti malita 50,000. Amenewo ndi mathanki khumi a JoJo a malita 5,000, tsiku ndi tsiku. Ena amati tidzakolola a mvula. Johannesburg imalandira mamilimita pafupifupi 700 pachaka, ndiye denga la masikweya mita 100 lingakupatseni malita 70,000 chaka chonse, osakwana n'komwe kuthirira hekitala masiku awiri. Ndipo kuyambira Meyi mpaka Seputembala kumakhala gwaa.

Za pampopi iwalani. Kampani ya madzi ya khonsolo, Johannesburg Water, imagula madzi kwa Rand Water, amene amatunga ku damu la Vaal, ndipo ena mwa madziwo amachokera ku Lesotho, komwe damu la Polihali likumangidwabe. Mtengo umakwera mukamagwiritsa ntchito ambiri, ndipo pamakhalanso lamulo loletsa kuthirira kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Kuthirira repu ndi madzi akumwa pamene anthu ena ali pamzere wa galimoto ya madzi, ine sindingavomereze.

Chotsala ndi mjigo, ndipo apa m'pamene ndalama zimathera. Lamulo la madzi la 1998 limalola kutunga popanda chilolezo ngati ndi kadimba ka pakhomo. Mukayamba kulima zogulitsa, muyenera kupita ku dipatimenti ya madzi, ndipo khonsolo nayo iyenera kudziwa musanabowole. Mukabowola, musakhutire poona madzi akutumphuka. Uzani mmisiri apope mosalekeza maola osachepera 24, ayezenso nthawi imene madzi atenge kuti abwerere pamlingo wake. Mjigo wotulutsa lita imodzi pa sekondi, ukapopedwa maola 10, umapereka malita 36,000, osakwana hekitala. Mukaika pampu yaikulu kuposa mphamvu ya mjigo, imakoka mpweya n'kupsa.

Chakummwera kulinso mwala wa dolomite, monga kumbali ya Lenasia. Madzi apansi akatsika kwambiri pamalo otere, nthaka imatha kutitimira n'kusiya chidzenje. Pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi, madzi amakhala ndi asidi ndi zitsulo zoopsa, choncho tengani botolo mupite nalo ku labotale musanagule ngakhale paipi imodzi. Mitsinje ya Klip ndi Jukskei imalandira zonyansa za m'masuweji. Musathirire nayo masamba odyedwa osaphika.

Khonsolo nayo ikonze mbali yake. Lendi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndani angakumbe mjigo n'kumanga mpanda pamalo otero? Mlimi amangokanda nthaka, osathira manyowa, n'kuchoka. Ipereke zaka zokwanira kuti ndalama ibwerere, iike mita pa mjigo uliwonse, ilembe momveka kuti lendi ikatha pampu ndi mapaipi zidzakhala za yani, ndipo amene wangosunga malo osalima alandidwe. Chinanso chimene chimapweteka anthu akwathu ndi kubwereka kwa munthu amene naye anabwereka kukhonsolo. Ngati pepala lake silimulola kubwereketsanso, tsiku lothamangitsidwa kabichi wanu adzatsala m'mundamo.

Madzi akachepa, chepetsani munda. Theka la hekitala lokhala ndi mapaipi a dripi (odontheza madzi patsinde pa mbewu), fyuluta yotsukidwa sabata iliyonse kuti timabowo tisatsekeke, ndi udzu wophimbira mizere, limabweretsa ndalama kuposa hekitala yofota. Mu Juni ndi Julayi kuno kumagwa chisanu chowaula tomato ndi nkhwani, ndiye nyengo imeneyo siyirani kabichi, sipinachi ndi mpiru.